A Hilario Apeza Pokumanira Zipolopolo

A Hilario Wiliyamu anabadwira kwa Tengani, m'banja la alimi a mapira ndi thonje, koma khasu la kwawo sanaligwire nthawi yaitali. Ndevu zisanamere bwinobwino anakwera lole ya anthu okadula nzimbe ku esiteti ina ku Chikwawa, ndipo kumeneko ndi kumene kunathera unyamata wawo wonse. Anayamba ndi chikwanje monga wina aliyense. Kenaka kapitawo wina, ataona kuti mnyamatayu ndi wamtali ngati mgwalangwa komanso sachedwa kuntchito, anawapatsa mbendera.

Ntchito ya mbendera inali yotere. Nyengo yodula ikamayandikira, kunkabwera kandege kachikasu kodzathira mankhwala okhwimitsa nzimbe. Woyendetsa ndegeyo sankatha kuona mzere umene wathira kale, choncho kumapeto kwa munda kunkaima munthu atakweza mbendera pansungwi. Ndege inkabwera molunjika pa munthuyo, pansipansi mpaka masamba a nzimbe kugona, iye n'kuthamangira pambali, n'kukaimanso pa mzere wotsatira. Ambiri ntchitoyi inkawakanika. Ankathawa ndege ikadali kutali, mzere n'kukhota. A Hilario ankaima nji mpaka kuona chipewa cha woyendetsa, ndipo pamenepo ndi pomwe ankasuntha. Zitabwera zipangizo zolondolera ndege popanda munthu pansi, mbendera zinapindidwa, iwo n'kuwatumiza ku mapampu a madzi, kumene anakhalako mpaka kupuma pantchito. Ndegeyo sanaikwerepo. Anangoigwira kamodzi, tsiku lina itatitimira m'matope, pothandiza kuikankha.

Atapuma sanabwerere kwa Tengani. Munda wa makolo abale anali ataugawana kale, ndipo mwana wawo wamkazi Priska anali atakhazikika pa boma la Nsanje, pamene anatsegula kashopu kojambula zithunzi, kutayipa ndi kupanga fotokope. Iyeyu ndiye anawapezera nyumba kufupi ndi msika, iwo ndi akazi awo a Magdalena. Ntchito ya a Hilario inasanduka yokhala pampando pakhomo pa shopu, kulonjera odutsa, ndi kuuza makasitomala kuti adikire Priska akapita kusikelo ndi khanda.

Mwamuna wa Priska, Geresomo, anali mphunzitsi wa sekondale. Iye anagula kompyuta yaikulu yogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, ati yopangira makadi a ukwati, koma m'katimo anaikamonso masewera a ndege za nkhondo zamakedzana, zija za pulopela kumphuno. Loweruka lina masana, a Hilario akuodzera pampando wawo, anamva injini ya ndege ikulira m'kati mwa shopu. Anadzambatuka. Khutu lawo silikanasokoneza phokoso limenelo ndi la njinga yamoto. Atasuzumira anapeza mkamwini wawo atagwira kandodo kakuda kozikika pathebulo, maso ali pa sikirini, ndipo pa sikirinipo panali mitambo ndi mapiko.

Geresomo anachita manyazi kupezedwa ndi apongozi akusewera ngati mwana, nafuna kuzimitsa.

"Ayi, musazimitse, aphunzitsi," anatero a Hilario. "Imeneyo mukuiyendetsa ndinu?"

"Ndine, bambo. Ndi zoseweretsa chabe."

"Tandipatseni mpandowo."

Tsiku limenelo ndege sinanyamuke n'komwe. Inkangozungulira pabwalo ngati nkhuku yodulidwa khosi, mpaka inakagunda nyumba yosungiramo mafuta. Mawa lake inanyamuka, koma inakagwera m'mitengo. A Hilario sanagwe ulesi. Nyengo yonse yozizira anaithera pophunzira kunyamuka ndi kutera, nthawi ya masana pamene makasitomala amachepa. Mphepo ya mwera isanaleke anali akutha kukhota, kugudubuzika m'mwamba, ndi kutera bwinobwino matayala osathyoka. Zinthu zina Geresomo ankachita kuwerenga kuti azimvetse, koma iwo ankazidziwa ndi khutu. Injini ikayamba kulemedwa ankaimva isanafike poipa.

Geresomo anali ndi kagulu kake kosewera nako pa intaneti, kotchedwa Akabawi a m'Chigwa. Munali Patience, mayi woyeza madzi a nzimbe ku fakitale ya shuga, ndi Sebastiano, wogwira ntchito pa siteshoni ya sitima ku Mutarara, kutsidya kwa malire ku Mozambiki. Ankalankhulana pa mahedifoni, Chichewa ndi Chisena mophatikiza. Kagulu kankafunika anthu anayi, iwo anali atatu. Geresomo atanena kuti wachinayi akhala apongozi ake, Patience anaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Kuseka kunatha ataona mmene nkhalambayo inkatsatirira ndege ya mdani. Ikangolowa kumbuyo kwa munthu, kaya akhote chotani, kaya atsike mpaka kupala udzu, inali pamchira pake ngati nkhupakupa.

Koma vuto linali limodzi, ndipo linali lalikulu. A Hilario sankagwetsa ndege. Ankafika kufupi, kufupi zedi, mdani n'kudzaza galasi lonse lakutsogolo. Akakanikiza batani, zipolopolo zowala ngati ziphaniphani zinkatuluka m'mizere iwiri, wina kudutsa kumanja wina kumanzere, ndege ya mdani ili phee pakati ngati mbuzi yoyenda pakati pa njanji. Mwina chimodzi chinkakhula nsonga ya phiko, basi. Zipolopolo zikatha, mdani uja ankatembenuka n'kuwagwetsa.

Zinachitika kambirimbiri mpaka a Hilario anayamba kukayikira maso awo, kenaka manja awo. Anakagula magalasi atsopano, koma sizinasinthe kanthu. Tsiku lina Akabawi atagonja chifukwa cha iwo, anavula mahedifoni, nawaika pathebulo mosamala.

"Aphunzitsi, funani wina. Ine ndikungokuchedwetsani."

Ananyamuka ulendo wa kunyumba. A Magdalena poyamba anakondwera. Kuyambira kale ankanena kuti n'zochititsa manyazi munthu wa imvi, wa m'bungwe la abambo kutchalitchi, kumakhalira kuwombera zithunzi. Koma chimwemwe chawo sichinakhalitse. Bambo aja anayamba kuyendayenda pakhomo, kufunsa chifukwa chake tsache lili apa osati apo, kuwerengera nkhuku za eni, kukonza chitseko chimene sichinawonongeke. Pomaliza a Magdalena anawatengera chipewa chawo n'kuwapatsa m'manja.

"Abambo ake a Priska, pitani kundege zanu. Muno mundidwalitsa mutu."

Atafika kushopu anapeza Priska akuwadikira ndi uthenga. Sebastiano anali ataonera kanema wa nkhondo yomaliza ija, popeza masewerawo amasunga zonse zimene zachitika, ndipo ankafuna kulankhula nawo. Priska anawaveka mahedifoni.

"Baba Hilario, mwacherwa tani?" anawalonjera m'Chisena Sebastiano, mawu ake aakulu ngati ng'oma.

"Pyadidi, shamwali. Koma za ndege ndasiya."

"Nkhabe, musasiye. Ndaonera mmene mumawombera. Maso anu alibe vuto, manja anunso alibe vuto. Tandiuzeni, mfuti za ndege yanu zili pati?"

"M'mapiko."

"Inu mumakhala pati?"

"Pakati."

"Ndiye tambasulani manja anu onse awiri ngati mapiko, muloze chinthu chimodzi kutsogolo kwanu ndi zala zonse ziwiri."

A Hilario anatambasula manja, mpaka limodzi linagunda makina a fotokope, naloza kalendala imene inali pakhoma. Anaona kuti zala zonse ziwiri zapendekera m'kati.

"Mwaona?" anapitiriza Sebastiano. "Mfuti za m'mapiko sizilunjika kutsogolo. Amazipendeketsa kuti zipolopolo za kumanja ndi za kumanzere zikakumane pamalo amodzi. Zisanafike pamalopo zimakhala zotalikirana. Zikapitirira, zimapingasana n'kubalalikanso. Malo okumaniranawo mumasankha nokha musananyamuke. Pa sikirini analemba kuti konivejensi. Priska akuonetseni."

Priska anatsegula tsamba limene a Hilario ankangolidumpha masiku onse chifukwa linali lodzaza ndi Chizungu. Pamzere wa konivejensi panalembedwa mamita mazana asanu. Geresomo ndiye anaika nambalayo kalekale, chifukwa iye ankakonda kuwombera ali patali, ndipo anali ataiwala kuti apongozi ake akuulukira pa zimene anadziikira yekha. Kenaka Priska anabweza kanema uja, namuimitsa pamene bambo ake anayamba kuwombera. Pakona panaoneka mtunda wa pakati pa ndege ziwirizo. Sunkafika ngakhale mamita mazana awiri.

A Hilario anayang'anitsitsa manambala awiriwo. Kenaka anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi zipolopolo zanga zimakakumana kutsogolo uko, munthu ndamusiya pano!"

"Ndi zomwezo, baba."

"Takhuta, shamwali. Takhuta kwambiri," anathokoza m'Chisena a Hilario.

Geresomo atabwera kuchokera kusukulu n'kumva nkhaniyi anagwira pakamwa, napepesa. A Hilario anangomugwedezera dzanja. Mtima wawo unali kale pa kuyesa.

Poyamba anapitirira muyeso. Anaganiza kuti ngati kufupi kuli bwino, kufupi kwenikweni kuposa apo, choncho anauza Priska kuti aike mamita zana limodzi. Ananyamuka kukasaka ndege zoyendetsedwa ndi kompyuta, zophunzirirapo. Atawombera pa mtunda wawo wa masiku onse, zipolopolo zinapingasana ngati sizasi zisanafike, n'kudutsanso uku ndi uku. Atayandikira kwambiri kuti zikumane bwino, ndege ya mdani inaphulika pamphuno pawo penipeni, chidutswa cha phiko n'kuthyola pulopela yawo. Onse awiri anagwera limodzi.

Anayesa mazana atatu. Zinayamba kugunda, koma mobalalika, kuboola phiko ili ndi ilo, mdani n'kumapitabe akufuka utsi. Anatsitsa pang'ono, nayesanso. Anakweza pang'ono, nayesanso. Priska anatopa n'kuitanidwa pakati pa ntchito, choncho anawaphunzitsa kusintha okha, ndipo liwu loyamba la Chizungu limene a Hilario analidziwa pa kompyutayo linali lomwelo la konivejensi. Masiku amenewo anazindikiranso ntchito ya kamkombero kowala kamene kali pagalasi lakutsogolo. Mapiko a mdani akakwana m'kamkomberoko kuchokera mbali iyi kufika mbali inayo, mtunda unkakhala womwewo nthawi zonse, ndipo pa ndege yawo unali pafupifupi mamita mazana awiri. Anaika mazana awiri.

Ndege yoyamba imene anaipeza atatero anaitsatira modekha mpaka mapiko ake anadzaza kamkombero kaja. Anakanikiza batani kamodzi, mwachidule. Mizere iwiri ya moto inakumana pa tsinde la phiko, phikolo n'kuthothoka ngati tsamba la nthochi, ndege n'kuyamba kuzungulira kulowera pansi. A Hilario anaimirira, mahedifoni n'kuzuka pa kompyuta. Mayi wina amene anabwera kudzajambulitsa chithunzi cha chiphaso anathawira panja.

Koma mtunda waufupiwu unali ndi mtengo wake. Mdani akakhala patali, mfuti za a Hilario zinkangomwaza zipolopolo ngati wofesa mapira. Anayenera kuphunzira kusawombera. Anzawo akamatulutsa moto kuchokera kutali, iwo chala chinkakhala pambali pa batani. Patience atawafunsa chifukwa chake amalola adani ena kupita, anamuyankha kuti, "Mayi, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wapachala ngwamphepo."

Mwezi wa Okutobala kunali mpikisano wa timagulu ta osewera a m'maiko a kumwera kuno kwa Afirika. Akabawi analowa popanda wowadziwa. Anapambana gulu loyamba movutikira, lachiwiri mosavuta, ndipo anthu asanamvetse kuti Nsanje ili kuti, iwo anali atafika m'ndime yomaliza. Okumana nawo anali anyamata anayi a ku Lusaka amene anali asanagonjepo chaka chimenecho.

Nkhondoyo inaikidwa Loweruka masana, ndipo kunatentha monga kumatenthera ku Nsanje mvula isanagwe, mpweya wochita ngati ukuchokera mu uvuni wa njerwa. Priska anatseka ntchito zonse. Anatsegula m'mbali mwa kompyuta, nailozetsa fani ya m'shopu kuti isazime ndi kutentha, ndipo zonse anazilumikiza ku batire la sola kuopa kuthima kwa magetsi. Geresomo anakhala pakona ndi laputopu imene ankabwereka kwa mphunzitsi mnzake akamasewera limodzi ndi apongozi ake. Mbiri inali itamveka pamsika. Pakhomo ndi pazenera panadzaza a kabaza, makondakitala a minibasi ndi amayi ogulitsa nsomba. A Magdalena anabwera ati kudzatenga mdzukulu, koma anakhala pampando wa pakhomo uja osanyamukanso.

Lamulo linali lakuti aliyense ali ndi ndege imodzi yokha. Ukagwa, wagwa.

A ku Lusaka anabwera kuchokera m'mwamba, awiriawiri. Patience ndiye anayamba kugwetsa mmodzi, anthu pakhomo n'kukuwa, koma asanamalize kukondwa mnzake wa wogwayo anamudula mchira. Geresomo anakumana ndi wina maso ndi maso, onse akuwombera, palibe wofuna kupatuka. Anagundana, n'kugwera pansi ngati makala a moto. Geresomo anavula mahedifoni, nadzaima kumbuyo kwa apongozi ake. Kunatsala awiri kwa awiri, ndipo Sebastiano anali atalasidwa kale.

"Baba, injini yanga ikutaya mafuta," anamveka Sebastiano. "Onse awiri ali kumbuyo kwanga."

"Ndakuonani. Tsikirani kumtsinje, muzikhotera kumanzere. Musawongoke."

A Hilario anali pamwamba pa onsewo. Anagwetsa mphuno ya ndege, mphepo n'kuyamba kulira m'mapiko. Adani awiri aja maso awo anali pa utsi wa Sebastiano. Wakumbuyo anayamba kuoneka pagalasi ngati ntchentche, kenaka ngati njiwa.

"Womberani, madala!" anakuwa kondakitala wina pazenera.

"Womberani!" anavomereza ena.

A Hilario sanamve. Thukuta linkatsika m'mphepete mwa magalasi awo. Mapiko a mdani anakula, nakula, mpaka anakhudza mbali zonse ziwiri za kamkombero. Pamenepo chala chinatsika. Moto unakumana pamsana pa ndegeyo, kumbuyo kwa woyendetsa, ndipo inathyoka pakati.

Phokoso limene linabuka pakhomo linadzutsa khanda la Priska. Koma wotsala uja anali katswiri wa gulu lawo. Ataona mnzake wagwa anasiya Sebastiano, nathawa molunjika, akukwera pang'onopang'ono. Ndege yake inali yothamanga kuposa ya a Hilario. Mtunda unayamba kukula. Anali pakati penipeni pa kamkombero, wowongoka bwino, wokopa ngati nyama yopachikidwa.

"Bambo, yesaniko," ananong'oneza Geresomo. "Akuthawa."

"Ali kutali, aphunzitsi. Ndingomuopseza, zipolopolo n'kundithera. Akufuna zomwezo."

Anamusiya. Anthu pakhomo anadandaula ngati penate yaphonyedwa. Mdani uja anakwera mpaka anasanduka kadontho, natembenuka. Tsopano anali pamwamba, ndipo akanatha kusankha woyamba kumudya.

"Abwera kwa ine," anatero Sebastiano. "Ndine wodwala. Ndiuluka mowongoka kuti andikhumbire. Inu khalani kumanja kwanga, pansi pang'ono."

"Mulimba?"

"Fulumirani chabe, baba."

Zinachitikadi momwemo. Wa ku Lusaka anatsika ngati mwala kulunjika pa utsi uja, nawombera, zidutswa n'kuthothoka pa phiko la Sebastiano. Liwiro linamupitiriza, ndipo pofuna kubwereranso anakhota mwamphamvu kumanja. Kukhota kumadya liwiro. A Hilario anali atayamba kale kukhotera m'kati mwa njira yake, ngati munthu wodulira njira ya chidule pamunda. Anatulukira kumbuyo kwake, pambali pang'ono. Mdaniyo anawaona mochedwa. Anagudubuzika, natsika mpaka kupala madzi a mtsinje, nakhotera uku ndi uku, koma nkhalamba ya kwa Tengani inali pamchira. Kawiri konse analowa m'kamkombero n'kutulukamo asanakwanemo bwino, ndipo kawiri konse chala cha a Hilario sichinasunthe. Kachitatu anachedwa kutembenuka. Mapiko anadzaza kamkombero.

M'shopu munamveka kulira kwa mfuti kwakanthawi kochepa, kenaka mfutizo zinangoti kha, kha, zipolopolo zatha. Pa sikirini injini ya mdani inayaka moto, ndege n'kugwera mumtsinje, madzi kuti thovu.

Chimene chinachitika pambuyo pake a Hilario amachikumbukira mosokonekera. Geresomo, munthu amene chikwatire anali asanawagwirepo ngakhale paphewa, anawakumbatira mpaka magalasi anagwa. Patience ankakuwa m'mahedifoni. Sebastiano anateretsa ndege yake yobookabooka pamunda wina, akuimba nyimbo ya Chisena. A kabaza ankaliza mabelu a njinga zawo, ndipo amayi a nsomba analulutira mpaka anthu a kudepoti anathamanga kudzaona ngati kwabwera ukwati. A Magdalena anadzipanikiza pakati pa anthuwo, khanda lili kumsana, nafika pathebulo.

"Ndiye mwapambana?"

"Tapambana, amake Priska."

"Onse a ku Zambia aja?"

"Onse."

A Magdalena anatembenukira kwa anthu a pakhomo. "Mwamva? Amuna anga amenewa."

Anyamata a ku Lusaka anatumiza uthenga woyamikira, nafunsa kuti woyendetsa ndege yomalizayo ndani. Geresomo atawauza zaka za apongozi ake, iwo anapempha chithunzi. Priska anawajambula bambo ake pansalu yoyera ija ya zithunzi za ziphaso, atavala jekete la kutchalitchi, kandodo kowongolera ndege kali m'manja.

Mvula yoyamba isanagwe, Sebastiano anatenga tchuthi, nawoloka malire pa Marka, nakwera minibasi mpaka pa boma. A Hilario anakamuchingamira kudepoti. Ankayembekezera chimunthu chachikulu cholingana ndi mawu aja, choncho anadutsa kawiri kamunthu kakafupi, kadazi, konyamula tambala m'khwapa, osakayang'ana n'komwe. Kachitatu kamunthuko kanatsegula pakamwa.

"Baba Hilario!"

Nkhunda zinauluka padenga la depoti. A Hilario anawerama kuti amuone bwino, nagwira dzanja lake ndi manja awiri, ndipo anthu awiriwo anaseka mpaka tambala anapulumuka. Anamuthamangitsa pakati pa maminibasi, wamtali kutsogolo wamfupi pambuyo, makondakitala akuwalozera kumene walowera, mpaka anakamugwirira pansi pa benchi ya wogulitsa mandasi.